Ludzu la Zelifa

Chingwe cha pachitsime chinayamba kufupika masana. Ndi mmene anthu a m'mudzi mwathu, m'munsi mwa phiri la Michesi, ankanenera, ndipo musafulumire kuwaseka. M'mamawa ndowa inkafika pamadzi chingwe chikadatsala mkono wathunthu m'manja mwa wotunga. Dzuwa likafika paliwombo, chingwe chomwecho chinkathera kunsonga, munthu n'kuwerama mpaka chifuwa kukhudza simenti, ndowa ikungolendewera mumdima osanyowa n'komwe. Usiku ukadutsa, chingwe chija chatalikanso. Chinali chilimwe cha chaka cha njala chija, pamene wailesi iliyonse inkangolongolola za teremu yachitatu ya pulezidenti ngati kuti teremu amamwa.

Woyamba kuzindikira anali Peggy, mwana wa mayi Rozaria, ndipo anazindikira chifukwa cha mimba. Anali woyembekezera, mimba itakula moti kuwerama inali ntchito yofuna kuyamba wapemphera, choncho chala chilichonse cha chingwe ankachimva m'chiuno. Atanena, amayi anzake anamuseka. Anati madzi amachepa chifukwa anthu amatunga, nanga zimenezo n'zofunanso sukulu? Koma Peggy anatengera liuma la bambo ake. Anakakamira mpaka a komiti ya chitsime anagwirizana kuti Lamulungu lina anthu atunge m'mawa mokha, kenako pakamwa pa chitsime aikepo chivundikiro cha lata ndi loko. Anthu anapita kutchalitchi, anabwerako, anadya amene anali ndi chakudya. Madzulo atatsekula loko uja, madzi anali atatsika ngati mudzi wonse unachapa zofunda.

Apa ndiye pakamwa pa anthu panayamba kuyabwa. Ena anati ndi oumba njerwa a kutsidya kwa dambo, amene maenje awo anali atafika pamadzi. Ena anati ndi mapampu opondaponda amene anali atangofika kumene m'madimba, oyamwa dambo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Akuluakulu angapo ankangoloza phiri ndi chibwano, phiri limene tinalimeta tokha ndi nkhwangwa za makala, mvula ikagwa n'kumangotsetsereka ngati pa denga la malata osalowa m'nthaka. Onsewa sankanama kwenikweni. Koma munthu safuna kumva kuti wakuba ndi iye mwini, amafuna wakuba wa miyendo iwiri woti amugwire pakhosi. Choncho amuna anapangana kuti akalondere chitsime usiku.

Amuna a kwathu, olimba mtima dzuwa likamawala! Anatenga zibonga ndi tochi ya mabatire otha, n'kukabisala m'munda wa nandolo pafupi ndi chitsimecho. Usiku wa Okutobala m'munsi mwa Michesi umakhala wofunda ndi wolemera, nthaka ikubweza kutentha konse kumene inalandira masana. Mwezi kunalibe. Phiri linali chimdima chachikulu chotseka theka la nyenyezi, ndipo kumtunda kwake kamoto ka otentha makala kankaphethira ngati diso la munthu wolimbana ndi tulo. Achule, amene zaka zonse ankasokosera m'dambomo, chaka chimenecho anali chete. Kunkangomveka masamba a bulugamu akuwayawaya kumtunda kwa chitsime, ngakhale kuti mphepoyo panalibe amene ankaimva pakhungu.

Ndiye chinayamba. Ngo. Patapita kanthawi, ngo, ngo. Kaphokoso kakang'ono, ka chitsulo chogunda chinthu cholimba, kochokera pansi penipeni, kunsi kwa chivundikiro chokhoma ndi loko. Sikankafulumira. Kankagogoda n'kudikira, ngati kakumvetsera kuti mwina wina ayankha, kenako n'kugogodanso.

Mmodzi ananong'ona kuti ndi chule. Mnzake anamufunsa kuti anaonapo kuti chule wa nyundo. Palibe amene anaseka, ndipo amene anayamba kuthawa sadziwika mpaka lero, poti aliyense amati anangotsatira anzake. Tochi ija inapezeka m'mawa ili mumzere wa nandolo, ikuyakabe mofooka.

Kwathu kuno dzina la napolo silitchulidwa mokweza. Amati ndi chinjoka chogona m'mimba mwa phiri, ndipo chikafuna kusamuka chimang'amba phirilo n'kutsika ndi madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Chinatsikapo mu 1991, ndipo m'mudzi mwathu panalibe banja limene silinalire. Tsono mphekesera inayenda yakuti napolo wina wadzuka, akumwa madzi a pansi pa nthaka kuti apeze mphamvu, ndipo kugogodako ndi iye akufufuza pofooka poti atulukire. Amayi anasiya kupita kuchitsime m'bandakucha, nthawi yokhayo imene madzi ankapezeka bwino. Anayamba kupita kumtsinje wa kutali, kuseri kwa msewu wa ku Migowi, kukafukula mchenga ndi mbale, ulendo wonyamuka tambala woyamba n'kubwerako dzuwa litapsa. Peggy nayenso ankapita, chidebe pamutu, dzanja limodzi pamsana. Mwamuna wake anali kuntchito ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, ndipo mayi ake mawondo anali atawakana kale ulendo wotere.

Tsono ndikuuzeni za bulugamu uja, pakuti nkhani yonse ili pamenepo. Pamene panali msituwo ndi pamene kale panali nyumba ya mayi Rozaria. Tsiku limene napolo anatsika, iwo ndi Peggy anali atagona kumaliro kutsidya. Kunyumba kunatsala amuna awo, a Eneya, okonza njinga, ndi mwana wawo wamng'ono Zelifa, wa zaka zisanu, amene ankadwala malungo. Pobwerera sanapeze nyumba, sanapeze mango wa pabwalo, anapeza chigwa cha matope ndi miyala. Anthu anafukula mpaka makasu kubuntha, koma mitembo iwiriyo sinapezeke. Monga mwa mwambo, adzukulu, amene amagwira ntchito ya maliro, anakonza mathunthu awiri a nthochi, lalikulu ndi laling'ono, kuti akwirire m'malo mwa anthu. Mayi Rozaria anakana kuti mathunthuwo apite kumanda a mudzi. Anati akwiriridwe pomwepo, pamene eni ake ali.

Patapita miyezi, anthu a bungwe lina anabwera ndi galimoto kudzagawa mbande za bulugamu zaulere, za m'timapepala takuda, kuti zigwire nthaka. Ena anabzala m'malire a minda, mitengo itangokula pang'ono n'kudula mapaso a denga. Mayi Rozaria anatuta zodzadza lichero maulendo angapo, n'kubzala mothinana kuzungulira mitumbira iwiri ija, kuti anthu awo asapse ndi dzuwa. Manda a makolo amakhala ndi mitengo yachilengedwe, yomera yokha, yakumwa mwaulemu. Manda a bulugamu palibe anali atawaonapo. Koma manda ndi manda. Mtengo wa kumanda sadula, ngakhale kanthambi kouma satola. Choncho pamene phiri lonse linkatha ndi nkhwangwa, msitu wa mayi Rozaria unkangokwera kumwamba, mitengo yoyera, yosalala, yonenepa moti ina munthu mmodzi sakanaikumbatira. Chitsime cha mudzi chinakumbidwa chaka chotsatira napolo, m'munsi mwake pang'ono, mtunda woponya mwala, mitengoyo ikadali yolekeza m'mawondo.

Mayiwo ankasesa pamitumbirapo m'mawa uliwonse. Ndipo chiyambire tsiku lija sanagonenso kunja kwa mudzi, ngakhale pa maliro a mlongo wawo weniweni. Ankakhala mpaka madzulo n'kubwerera kwawo, anthu n'kumawanena, iwo osalabadira.

Za kugogoda kuja nawonso anazimva. Anadikira kuti Peggy agone, anatenga kolona yawo n'kutsetsereka pang'onopang'ono, akupalasa njira ndi phazi. Anakhala pa simenti ya chitsime, imene inali ikadali yofunda ngati thupi la munthu, n'kutsamiritsa khutu pa lata. Poyamba anangomva kudontha, madzi akubwerera kuchokera m'makoma, dontho ndi dontho, mumdima wozizira umene unkanunkha dothi. Anakhala choncho mpaka mwendo kuchita dzanzi. Kenako ngo. Ngo, ngo.

Sanathawe. Kugogoda kumeneko ankakudziwa monga mkazi adziwira kutsokomola kwa mwamuna wake pakati pa gulu. Zelifa anali mwana wamanyazi, wosakonda kudzutsa anthu ndi mawu. Akamva ludzu usiku ankakwawa mpaka pamtsuko n'kumagogoda ndi kapu yake yachitsulo, kamodzi, kudikira, kenako kawiri, mpaka wina adzuke amutungire. Sabata ya malungo ija ankagogoda usiku uliwonse. Ndipo usiku womaliza, amene ankayenera kudzukayo anali kumaliro a munthu wina.

"Ndabwera," ananong'ona m'Chilomwe, chinenero chimene ankalankhula ndi Mulungu ndi akufa. "Ndachedwa, mwanangu, koma ndabwera."

Kuyambira pamenepo usiku ndi usana zinasokonekera kwa mayi Rozaria. Ankachoka pachitsime n'kukagona pansi pa mitengo, pa makungwa ofundukuka okha, n'kumalota maso ali theka. Ankalota mitengo ija ikuzula mapazi mwakachetechete, ikutsetsereka pamzere ngati amayi opita kumadzi, n'kuweramira m'chitsime. Ankalota a Eneya atakhala pa nthambi ya kumwamba, buluku atapinda mwendo umodzi monga ankachitira pokwera njinga, atakhazika Zelifa pamiyendo. Mwanayo ankamwa, ankamwa, madzi akuoneka akutsika m'kakhosi kake, koma milomo ikadali youma ndi matope. Akadzidzimuka, nyenyezi zinkaoneka zokodwa m'nthambi, ndipo sankadziwa ngati adzuka kapena angolowa m'loto lina. Tsiku lina, dzuwa likuswa mtengo, anatsamiritsa khutu pa thunthu lalikulu kuposa onse, ndipo anamva, kapena anaganiza kuti amva, kamkokomo kakutali ka madzi akukwera m'kati mwake. Anadziwa kumene madzi a chitsime ankapita. Anadziwa wina aliyense asanadziwe, ndipo anasunga pakamwa, chifukwa mumtima ankati mlekeni mwana amwe.

Amati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. A komiti atatopa ndi madandaulo a akazi awo anaitana a Lingson, okumba zitsime a ku Migowi, kuti adzachizamitse. Anali bambo wamfupi, wa mapewa ngati a ng'ombe ya ngolo, wosataya mawu. Atauzidwa za napolo anati alowa ndithu, koma masana okha, ndipo a mphakati ayambe apemphera. Amuna anasuntha simenti ya pamwamba ndi mitengo, kuwala n'kulowa m'chitsimemo koyamba pa zaka zambiri, ndipo a Lingson anatsitsidwa pa chingwe. Mudzi wonse unaima mozungulira, patali ndithu, aliyense ataponda mokonzeka kuthawa.

Kwa nthawi yaitali kunali zii. Kenako chingwe chinagwedezeka kuti akoke ndowa. Mundowamo munalibe matope. Munali tsitsi. Ndi mmene zinkaonekera, chimtolo cha tsitsi lofiirira, lonyowa, lopotana, likudontha. Amayi ena anagwira pakamwa n'kubwerera m'mbuyo. Ndowa yotsatira inatulukanso ndi tsitsi, yotsatiranso chimodzimodzi, mpaka panakhala mulu. A Lingson atatuluka anasankha chingwe chimodzi chonenepa pamulupo, anachithyola pa bondo, n'kupatsa amene anali pafupi kuti anunkhize. Unali muzu. Fungo lake linayenda lokha pagulupo, fungo limene aliyense amalidziwa, la masamba amene timafukiza nawo munthu wa chimfine. Palibe amene anatchula dzina la mtengowo. Mitu yonse inatembenukira kumtunda, kenako yonse inawerama ngati yagwidwa ikusuzumira kubafa.

A Lingson anafotokoza mosakweza mawu kuti mizu yaboola njerwa mbali yonse ya kumtunda, yalukana ngati mphasa. Masana masamba akamatenthedwa mitengo imakoka madzi, usiku imapuma, madzi n'kubwerera pang'ono. Anati kuzamitsa angathe, koma mizu idzatsatira, pakuti nayonso ikuthamangitsa madzi amene akuthawira pansi chaka ndi chaka, phiri litasanduka dazi, dambo likuyamwidwa mbali zonse. Wina anafunsa za kugogoda kuja. A Lingson anati iwo masana sanamve kanthu, ndipo ponena zimenezo anagwira pa thumba la malaya awo.

Apa ndi pamene anthu a kwathu ndimawakonda ndi kuwapsera mtima nthawi imodzi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati mitengo idulidwe. Mudzi wonse unali wokonzeka kuti chitsime chife, amayi athe miyendo pa njira ya kumtsinje, kusiyana ndi kuuza mayi wamasiye kuti tigwetse manda. Anangobalalika, aliyense akuyang'ana zala za kumapazi kwake.

Dzuwa litapendeka, asanakwere njinga yawo, a Lingson anafika pakhonde pa mayi Rozaria. Anavula chipewa, anakhala pansi, n'kutulutsa kanthu kokulunga m'kampango. Inali kapu yachitsulo, yoyera kale, tsopano yodyeka ndi dzimbiri m'mphepete. Chogwirira chake sichinali cha kusitolo. Inali sipoko ya njinga yopindidwa mwaluso, ntchito imene m'dera lonselo ankaigwira munthu mmodzi yekha.

"Inali kuseri kwa mizu, mayi," anatero motsitsa mawu. "Mizu yaitulutsa m'khoma, m'matope akale aja, itaikola pa chogwirirachi. Madzi akakwera usiku imayandama n'kumagunda njerwa. Masana imangolendewera. Ndi zokhazo." Anapotokola chipewa m'manja. "Ndikuganiza kuti ndi zokhazo."

Mayi Rozaria analandira ndi manja awiri n'kuipukuta ndi nsonga ya chitenje. Sanalire. Anangofunsa ngati kuseri kwa mizuko kunali china, ndipo a Lingson anati sanafukule kupitirira pamenepo, ndipo sadzafukula.

Peggy anafika chisisira chitagwa, poti tsiku limenelo kumchenga kunali mzere wautali. Chidebe chinali theka. Panjira anachita chizungulire n'kugwa, bondo linali likutuluka magazi, mapazi atatupa moti zala zinkaoneka zomata. Nkhani ya mizu anali ataimva kale kwa amayi anzake, ndipo kapu imene inali pamiyendo pa mayi ake anaizindikira asanatule n'komwe. Ali ana ankailimbirana ndi Zelifa.

"Munkadziwa, mayi?"

Mayi Rozaria anangoyang'ana m'kapu.

"Munkadziwa." Peggy anatula chidebe chija yekha, movutikira, n'kukhala pansi atatambalala. "Ine sindinena kuti dulani. Sindinganene. Ndi bambo anga, ndi mng'ono wanga. Koma Zelifa wakhala akumwa zaka zonsezi ndipo ludzu lake silikutha. Nanga uyu ali m'mimbamu akafika ndidzamusambitsa ndi chiyani? Ine ndili pano, mayi. Ine sindinapite ndi matope."

Mawu omalizawo anawalasa pamtima penipeni. Zaka zonsezo ankasesa manda m'mawa uliwonse, koma sanathe kukumbukira tsiku limene anayang'anapo mapazi a mwana amene anatsala. Manyazi anawagwira, ndi chisoni chimene sanachimvepo ngakhale tsiku la nthochi lija. Anaviika kapu ija m'chidebe, n'kugwada ndi mawondo awo okana aja, n'kuyamba kutsuka bala la Peggy.

Usiku umenewo anapitanso kuchitsime. Anamva kudontha kokha. Anadikira mpaka nthanda kutuluka, koma panalibe wogogoda, ndipo kukhala chete kumeneko kunawapweteka kuposa kugogoda.

Kutacha anatenga nkhwangwa n'kupita kwa mkulu wa adzukulu, amene anakwirira mathunthu aja ndi manja ake. Mkuluyo anakana asanamve n'komwe mpaka kumapeto. Anati mtengo wa kumanda sadula, ndipo iye safuna kuti tsoka la mudzi lilowere pakhomo pake.

"Munakwirira ndinu," anatero mayi Rozaria. "Munakwirira chiyani? Nthochi. Nthochi zinaola kalekale. Mitengo ija sanabzale ndi akufa, ndinabzala ndine ndi manja awa, chifukwa cha mantha anga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati kuli tsoka lidziwa pakhomo panga, linafikapo kale."

Sanadikire yankho. Anakwera kumsitu kuja, anthu akutsatira patali, n'kuima pa thunthu lalikulu lija limene ankamvetserapo madzi. Analigwira ndi chikhatho kanthawi. Kenako anakweza nkhwangwa. Nkhwangwa ya mayi wokalamba sipita patali, inangotema khungwa n'kunjanja, koma pabalapo panatuluka madzi n'kuyenderera mpaka pansi. Adzukulu anayang'anizana, anavula nsapato monga achitira polowa kumanda, n'kuwalanda nkhwangwa ija mwaulemu.

Ntchito inatenga masiku. Mtengo uliwonse ukamagwa nthaka inkanjenjemera, ndipo amene anali akulu mu 1991 ankatseka m'maso. Nkhuni zinaunjikana pamenepo, chaka cha kusowa kwa nkhuni, koma panalibe wotola ngakhale kachipapati. Woyamba kutola anali mayi Rozaria eni ake, tsiku limene Peggy anachira, atabadwa mwana wamkazi. Anasenza mtolo n'kukatenthetsera madzi osambitsa khandalo, madzi a m'chitsime chathu chomwe.

Sindikunamizani kuti madzi anabwerera onse. Chingwe chinasiya kufupika masana, ndipo mvula itagwa amayi anaiwala njira ya kumchenga, koma madzi sanafikenso pamene ankalekeza kale, pakuti phiri likadali dazi ndipo mapampu akupondedwabe. Komanso bulugamu samafa ndi nkhwangwa imodzi. Zitsa zonse zinaphukira, timphukira tofiira, tofewa ngati zala za khanda, ndipo sabata iliyonse mayi Rozaria ankapita kukatithyola ndi manja awo, chitsa ndi chitsa, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Pakati pa mitumbira iwiri ija anabzala msuku umodzi. Kapu ija anaikoloweka pa msomali, pamwamba pa mtsuko wa m'nyumba.

Peggy ankagona m'nyumba ya mayi ake ndi khanda lake. Nthawi zina, ali pakati pa tulo ndi kuyamwitsa, ankamva ngati mayi ake adzuka, ngati chikho chamira mumtsuko, ngati wina akunong'ona m'Chilomwe. Ankati ndi ludzu la ukalamba, n'kugonanso.

Tsiku lina kunabwera uthenga wa maliro kutsidya, a msuweni wawo. Peggy anadabwa kuona mayi ake akukulunga bulangete ndi chitenje chachiwiri. Anawafunsa ngati akagone konko, iwo amene sanagonepo kunja chiyambire, ndipo anati inde, akagona, anthu awanena mokwanira. Ali pakhomo anatembenuka, ngati munthu wokumbutsa za kutsekera nkhuku.

"Akagogoda um'tungire. Usadzazitse, amataya."

Peggy anaseka, koma kuseka kwake sikunafike kumapeto. Mayi ake anali atakhota kale kuseri kwa nkhokwe.

Madzulo amenewo kunagwa kamvula, n'kukata. Achule anali atabwerera m'dambo, ndipo ankaimba patali, mosinthana, mpaka nawonso anatopa. Madzi otsala ankadontha pa udzu wa denga. Chitseko chinali chopiringidza, koloboyi anali atazima, khanda litagona bere lili kukamwa. Peggy anali akulowa m'tulo tofewa, totsetsereka, akulota njira ya kumchenga itasanduka mtsinje, pamene anamva.

Ngo.

Sikunali kuchitsime. Kunali m'nyumba momwemo, pakona pa mtsuko, mtunda wotambasula mwendo. Anagona chowuma, akumva mtima wake ndi mpweya wa khanda. Anadziuza kuti ndi khoswe. Anadziuza kuti ndi dontho la padenga. Mdima unakhala chete, ngati ukumvetsera kuti mwina wina ayankha.

Ngo, ngo.

Anakumbukira mmene ali mtsikana ankanamizira tulo, akufwenthera dala, kuti adzuke ndi mayi osati iye. Tsopano panalibe wina woti adzuke. Anachotsa bere pang'onopang'ono, anafunditsa khanda, n'kukwawa mumdima akupapasa khoma. Pa msomali panalibe kanthu. Kapu ija anaipeza pansi, itatsamira mtsuko, chogwirira chake chili chofunda.

Anatunga, osadzazitsa. Anaiika pansi ndi manja awiri.

"Imwa, mng'ono wanga," ananong'ona. "Madzi alipo tsopano."

Anabwerera pamphasa, anakumbatira mwana wake n'kutembenukira kukhoma, ndipo kugogoda sikunamvekenso. M'mawa kapu ija inali yopanda kanthu, ndipo pansi panali pouma. Peggy anaitsuka, anaikoloweka pa msomali, anabereka khanda n'kutenga ndowa kupita kuchitsime.